Kodi wa masaji amafunsiranji za tulo ndi za pakhomo pamene chikupweteka ndi khosi?

Funso: Ndine mayi wa zaka 47, ndimakhala ku Ndirande ndipo ndimasoka zovala pakhonde. Kwa miyezi 6 tsopano ndakhala ndikuvutika ndi khosi, mapewa ndi mutu umene umayambira kunkhongo. Mwana wanga anandilipirira kwa mayi ena a masaji ku Limbe, koma ndinadabwa kuti asanandigwire n'komwe anayamba kundifunsa za tulo, za mankhwala amene ndimamwa ndi za mavuto a pakhomo, mpaka anandiuza kuti ndikayezetse BP ndi maso. Ululu unachepa kwa masiku 3 kenako unabwerera. Mnzanga akuti ndipite kwa bambo ena amene amachotsa poizoni m'thupi ndi masaji ndipo amagulitsanso mankhwala azitsamba. Kodi mafunso aja anali a chiyani, nanga masaji angandichiritse?

Yankho: Mayi, anzathu a ku Limbe amene anakufunsani mafunso aja anagwira ntchito yawo moyenera, ndipo ine, amene ndimagwira ntchito yomweyo ya masaji muno mu Blantyre, ndikanakufunsani zomwezo ndisanatsegule n'komwe botolo la mafuta. Ndikudziwa kuti munthu amene walipira ndalama kuti amutikite khosi amaona ngati nthawi yake ikutayika akamafunsidwa za tulo ndi za pakhomo, koma ululu umene watha miyezi 6 kawirikawiri suchokera pamalo amodzi, ndipo manja okha sangauthetse.

Musaone ngati masaji aja analephera chifukwa ululu unabwerera patatha masiku 3, pakuti umu ndi mmene masaji amagwirira ntchito kwa anthu ambiri. Mwana akagunda chigongono pachitseko amayamba kuchisisita popanda womuuza, ndipo m'chaka cha 1965 akatswiri awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, anafotokoza chifukwa chake kusisitako kumathandiza. Uthenga wa kukhudzidwa ndi kukanikizidwa umene umachokera pakhungu ndi m'minofu ukafika mumtsempha waukulu wa m'kati mwa msana, umachepetsa mphamvu ya uthenga wa ululu umene ukupita ku ubongo. Komanso munthu akagona pamalo abata n'kumatikitidwa modekha, amayamba kupuma mozama, mtima umagunda mofatsa, ndipo minofu imene inali yokungika tsiku lonse imamasuka. Mpumulo umenewu ndi weniweni, koma umakhala wa maola kapena masiku ochepa, chifukwa Lolemba m'mawa mumabwerera pampando womwe uja, pamakina omwe aja, muli ndi maganizo omwe aja.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu December 2023 okhudza kupweteka kwa msana kumene kwapitirira miyezi 3. Malangizowo amavomereza masaji, koma amawaika pamodzi ndi kuphunzitsa wodwala za vuto lake, masewera olimbitsa thupi ndi uphungu wa maganizo, ndipo amanena kuti munthu angafunike zingapo mwa zimenezi pa nthawi imodzi. Ngakhale kuti malangizowo akunena za msana wam'munsi, nzeru yake ndimaiona ikugwiranso ntchito pa khosi ndi mapewa. Masaji amakupatsani masiku angapo amene khosi likutembenuka bwino ndiponso tulo tikubwera, ndipo kuchira kumadalira kwambiri zimene mwasintha m'masiku amenewo.

Chifukwa choyamba cha mafunso aja n'chakuti pali ululu wina umene sufunika kutikita ngakhale pang'ono. Wa masaji si dokotala, alibe chilolezo chopima matenda, choncho udindo wake waukulu ndi kuzindikira munthu amene ayenera kupita kuchipatala lero lomwe. Mutu umene wayamba mwadzidzidzi ndipo ndi woopsa kuposa mutu uliwonse umene munamvapo, khosi louma limene labwera ndi kutentha thupi, mkono umene ukufooka kapena kuchita dzanzi, pakamwa popotoka ndi lilime lolemera, kapena ululu wa pachifuwa umene ukuthamangira kuphewa ndi kunsagwada uku mukubanika, zonsezi ndi za kuchipatala mwachangu. Kuno kwathu tilinso ndi TB imene imagwira mafupa a msana, ndipo munthu wake amadandaula za msana umene umapweteka kwambiri usiku, akuwonda, akutuluka thukuta pogona. Munthu wotere akamangopita kukatikitidwa mwezi ndi mwezi, matendawo amakhala akudya fupa mpaka tsiku lina miyendo imaleka kugwira ntchito, pamene mankhwala a TB amaperekedwa ulere m'zipatala za boma. Chimodzimodzi munthu amene ali ndi HIV ndipo mutu ukumupweteka mosalekeza kwa masiku ambiri, ameneyo sindimugwira asanaonane ndi achipatala, chifukwa matenda oumitsa khosi nthawi zina amayamba mwakachetechete chomwecho.

Pali zinanso zimene timafunsa pofuna kudziwa malo oyenera kuwapewa. Katumba wa mwendo umodzi akatupa, n'kumatentha ndi kupweteka, mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo kutikita pamenepo kukhoza kutumiza magazi oundanawo kumapapo. Sititikita pamene pali mashingozi, chilonda, chotupa chosadziwika, kapena pamene munthu wangogwa kumene pa njinga ya kabaza ndipo fupa silinajambulidwe. Amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi timawagwira mopepuka kwambiri, ndipo mayi woyembekezera sitimukanikiza pamimba. Wa masaji amene akukuuzani kuti muvule ndi kugona asanafunse chilichonse mwa zimenezi akuika moyo wanu pachiswe, ngakhale manja ake atakhala okoma bwanji.

Za BP, ndikuwayamikira mayi aja. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa n'komwe. Nthawi zambiri BP yokwera siimveka m'thupi, choncho sindikunena kuti ndiyo ikupweteketsa mutu wanu, koma mayi wa zaka 47 amene amakhala pansi tsiku lonse ndipo akumwa mankhwala opha ululu pafupipafupi ayenera kudziwa manambala ake. Kuyeza kumatenga mphindi zochepa pachipatala chaching'ono cha ku Ndirande komweko, ndipo ngati mobwerezabwereza akupeza 140/90 kapena kuposa apo, mufunika chithandizo cha achipatala, chimene masaji sangalowe m'malo mwake.

Chifukwa chachiwiri cha mafunsowo ndi kufufuza chimene chikudyetsa ululuwo tsiku ndi tsiku. Inu monga telala mukudziwa kuti ulusi ukamaduka pafupipafupi, kungoulowetsanso m'singano sikuthetsa vuto, koma mumayang'ana ngati singano yapindika, ngati ulusi wakungika mopitirira, kapena ngati makina akufuna mafuta. Atelala akabwera kwa ine, ndimawapempha kuti akhale pampando ndi kundionetsa mmene amalowetsera ulusi m'singano. Ambiri amasuzumira kutsogolo, chibwano chili patali ndi chifuwa, mapewa atakwera kufika pafupi ndi makutu, maso atatsinzina pang'ono. Mutu wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 5, ndipo ukapendekera kutsogolo kwa maola ambiri, minofu ya kunkhongo ndi ya m'mapewa ndiyo imausenza popanda kupuma. Akagona chafufumimba n'kuwafunditsa chitenje, mnofu umene umatsika kuchokera kunkhongo kupita kuphewa ndimaupeza uli gwa, ndipo ndikaukanikiza pang'ono pakati pa khosi ndi phewa, ambiri amanena kuti ululu wathamangira kuseri kwa khutu mpaka pafupi ndi diso, ndipo amazindikira kuti ndi mutu womwe uja umene umawasautsa madzulo.

Apa ndi pamene nkhani ya maso ikulowera, ndipo mwa malangizo onse amene munapatsidwa, awa ndi amene sindikufuna kuti muwanyozere. Munthu akapitirira zaka 40, diso limayamba kuvutika kuona zinthu zapafupi, ndipo zimenezi zimachitikira pafupifupi aliyense. Wowerenga nyuzipepala amangoitalikitsa, koma wosoka sangatalikitse singano, choncho amapinda khosi ndi kukunga nkhope kuti aone bowo lake, makamaka pakhonde pamene kuwala kumachepa dzuwa likapendeka kapena masiku a chiperoni. Magalasi owerengera oyenera maso anu akhoza kuchepetsa ntchito ya khosi lanu tsiku lililonse, chinthu chimene manja anga sangachite. Mukhoza kuyezetsa kuchipatala cha maso cha Lions chimene chili ku Queens, kapena kwa woyeza maso wovomerezeka aliyense mumzinda muno.

Tsopano za tulo ndi za pakhomo, zimene ndikukhulupirira kuti ndi zimene zinakudabwitsani kwambiri. Munthu amene sanagone mokwanira amamva ululu msanga ndiponso mwamphamvu kuposa amene wagona bwino, ndipo ululuwo umamulepheretsanso kugona usiku wotsatira, zinthu n'kumangozungulira chomwecho. Nkhawa nayo imakhala ndi malo ake m'thupi. Munthu akamaganiza za ngongole ya ku banki m'khonde, za fizi ya ana, za lendi, kapena za mayunifolomu amene makolo akuwafuna sukulu zisanatsegulidwe mu September, amakukuta mano, amapuma mosafika pansi, ndipo mapewa amakwera iye osadziwa. Mu 1977 dokotala wa ku America, George Engel, analemba kuti matenda sangamveke bwino poyang'ana thupi lokha popanda maganizo a munthuyo ndi mmene akukhalira ndi anzake, ndipo lero madokotala ndi a mafizo, amene amathandiza odwala ndi masewera olimbitsa minofu ndi mfundo za thupi, amaphunzitsidwa zimenezi. Ngakhale WHO, m'malamulo ake amene anayamba kugwira ntchito mu 1948, inanena kuti thanzi ndi kukhala bwino m'thupi, m'maganizo ndi pakati pa anthu. Kunena zimenezi sikutanthauza kuti ululu wanu ndi wongoganizira. Ululuwo ulipodi, minofuyo ndi yolimbadi, koma chimene chikuilimbitsa chikhoza kukhala mpando, maso, tulo ndi nkhawa zonse pamodzi.

Ndiyeneranso kunena kuti mafunso a za pakhomo ali ndi malire. Muli ndi ufulu wosayankha, ndipo zimene mwanena siziyenera kutuluka m'chipindamo. Si zachilendo kuti munthu ayambe kulira ali pa tebulo la masaji, makamaka amene waferedwa kapena amene wakhala akusamala ena kwa nthawi yaitali popanda womusamala iye. Zikatero ntchito yanga ndi kuimitsa manja, kumufunditsa ndi kumumvetsera, osati kusanduka phungu kapena mlaliki. Ngati kwa masabata 2 kapena kuposa mtima wanu uli wolefuka pafupifupi tsiku lililonse, simukusangalalanso ndi zimene munkakonda, chakudya sichikulowa, kapena mukufika polakalaka kufa, kauzeni achipatala mosabisa, chifukwa amenewo ndi matenda amene ali ndi chithandizo.

Funso la mankhwala nalonso linali ndi chifukwa. Anthu ambiri ogwira ntchito zamanja amagula bufeni kapena indosidi pagolosale n'kumamwa m'mawa uliwonse, nthawi zina asanadye. Mankhwala amenewa akamwedwa kwa nthawi yaitali amayambitsa zilonda zam'mimba, amawononga impso ndipo amakweza BP. Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti munthu amene akumwa mankhwala a mutu, ngakhale panado, masiku 15 kapena kuposa pa mwezi kwa miyezi ingapo, mankhwalawo akhoza kuyamba kuchititsa mutu umene akufuna kuuthetsawo. Ngati ndi mmene mukuchitira, mukanene zimenezi kuchipatala pamene mukukayezetsa BP.

Za bambo amene mnzanu akunena, ndilankhula mosapita m'mbali. Masaji sachotsa poizoni m'thupi. Ntchito yosefa magazi ndi ya chiwindi ndi impso, ndipo zimaigwira usana ndi usiku kaya mwatikitidwa kaya ayi. Ngakhale asidi amene amachuluka m'minofu munthu akathamanga kwambiri, amene ena amati ndiye amafinyidwa ndi masaji, amatha yekha pakapita pafupifupi ola limodzi. Kumwa madzi mukatha masaji n'kwabwino monga kulili kwabwino nthawi ina iliyonse, koma palibe chimene madziwo akukokolola. Zimandipweteka mtima kuona anthu akugwiritsa ntchito mawu abwino akuti timasamalira munthu yense pofuna kugulitsa mabotolo opanda chizindikiro chonena zimene zili m'katimo, chifukwa mankhwala ena azitsamba amawononga chiwindi ndi impso zomwezo, ndipo ena amasokoneza mphamvu ya ma ARV ndi ya mankhwala a BP. Kusamalira munthu yense kwenikweni kumamupangitsa wa masaji kukhala wodzichepetsa, chifukwa akaona moyo wonse wa munthu amazindikira kuti mbali yaikulu ya chithandizo ili m'manja mwa ena: woyeza maso, namwino, wa mafizo, achibale ndi mwini thupi. Aliyense amene akulonjeza kuchiritsa shuga, BP, kusabereka kapena khansa ndi manja ake, kapena amene akukuuzani kuti musiye mankhwala a kuchipatala, muchokeni.

Muchenjerenso ndi anthu amene amapotokola khosi mwamphamvu kuti lilire, chifukwa m'khosi mumadutsa mitsempha yopititsa magazi ku ubongo, ndipo ngakhale kuti sizichitika kawirikawiri, mtsempha ukhoza kung'ambika m'kati munthu n'kudwala sitiroko. Masaji abwino akhoza kukusiyani ndi kuphwanya pang'ono kwa tsiku limodzi kapena awiri, koma sayenera kukusiyani ndi mikwingwirima kapena kukupangitsani kugwira mpweya chifukwa cha ululu. Muyenera kufunditsidwa thupi lonse kupatula malo amene akutikitidwa, muli ndi ufulu wosankha kugwiridwa ndi mayi mnzanu, kubwera ndi wokuperekezani, ndiponso kuimitsa zonse nthawi iliyonse.

Zambiri zimene zingakuthandizeni sizifuna ndalama. Pa mphindi 30 zilizonse za kusoka, imirirani kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, zunguzani mapewa kupita kumbuyo, tembenuzani mutu modekha kumanja ndi kumanzere, kenako bwezani chibwano m'mbuyo pang'ono maso akuyang'ana kutsogolo, gwirani pomwepo mukuwerenga mpaka 5, ndipo bwerezani maulendo 10. Mpando wanu ukhale wotalika mwakuti zigongono zili pafupifupi mulingo umodzi ndi tebulo la makina, ndipo ngati uli wopanda chotsamira, sinthani kapena usendezeni kukhoma ndi kuika kapilo kumsana. Makinawo muwaike pamene kuwala kukugwera pasingano. Pogona, pilo mmodzi wongokwana kudzaza mpata wa pakati pa khosi ndi matiresi ndi wokwanira. Kuyenda mwachangu kwa mphindi 30 masiku 5 pa sabata kumakwanitsa mphindi 150 zimene WHO imalimbikitsa akuluakulu, ndipo zitunda za ku Ndirande zikupatsani masewera okwanira popanda kulipira kulikonse.

Kuthowa kumene agogo athu ankachita n'kothandizabe mpaka lero. Nyikani kansalu m'madzi ofunda, finyani, yesani kutentha kwake padzanja, ndipo muike pakhosi ndi pamapewa kwa mphindi 10 mpaka 15 madzulo musanagone. Musapake mankhwala otentha aja ogula kusitolo pamalo amene mukuthowa, chifukwa ziwirizi zikaphatikizana zimawaula khungu, ndipo amene ali ndi shuga kapena dzanzi asamale kwambiri popeza akhoza kupsa osamva. Mwana wanu amene anakulipirirani uja akhozanso kuphunzira kukutikitani kunyumba. Mukhale pampando mutatsamira pilo amene ali patebulo, iye apake mafuta ophikira pang'ono m'manja, ayambe ndi kusisita ndi zikhatho kuchokera kunkhongo kutsikira m'mapewa, kenako afinye mnofu wa pamwamba pa phewa modekha ndi kuumasula, osakanikiza pamafupa a msana kapena kutsogolo kwa khosi, ndipo azikufunsani ngati mphamvu yake ili yoyenera. Mphindi 10 zoterezi katatu pa sabata zimapindula kuposa ola limodzi lodula limene mungalikwanitse kamodzi pa miyezi itatu.

Choncho yambani ndi kuyezetsa BP ndi shuga sabata ino, ndipo mukawafotokozere achipatala za mutuwo ndi mankhwala onse amene mwakhala mukumwa. Kenako muyezetse maso, musinthe kakhalidwe ka pamakina, ndipo muyambe kuthowa ndi masewera aja tsiku lililonse. Ngati ndalama zilipo, bwererani kwa mayi a ku Limbe kangapo m'masabata oyambirira, mutatenga kabuku kanu ka kuchipatala kuti aone zimene zapezeka, ndipo maulendowo azitalikirana pamene mukupeza bwino. Ngati patatha masabata 6 palibe kusintha, kapena ululu wayamba kutsikira mumkono ndi dzanzi m'zala, pemphani kalata yokaonana ndi a mafizo ku Queens kapena ku Kachere Rehabilitation Centre, chifukwa iwo anaphunzira kupima mitsempha ndi mfundo za khosi ndipo ndi olembetsedwa ku Medical Council of Malawi.